Buku Losowa Masamba Otsiriza

Buku ndi limodzi, ife tilipo asanu ndi awiri.
Tsiku langa ndi Loweruka,
limene anzanga analikana poti ndi la msika.
Limandipeza likununkha utsi wa kwa Sinoya,
chikuto chomatidwa ndi phala,
mkati mwake mayina a amene anatitsogolera:
wina ndi namwino ku Ntcheu,
wina tinakamuika chaka chatha mvula ikugwa.

Analilemba anafa kalekale
kudziko kumene madzi amauma gwa ngati mwala.
Muli mtsikana wosunga nyumba.
Bambo ake anakwera sitima kukasaka ndalama
nati, ndibwera musanakolole.

A Kamtema amawerenga ataima pawindo losweka,
dzanja lina m'thumba la jekete,
mphepo ya Juni ikutembenuza masamba isanauzidwe.
Kenako amafunsa: mlembi akutanthauzanji apa?
Ndimayang'ana choko chogwa pansi.
Yankho ndili nalo,
koma silija lopatsa malikisi.

Pa Lizulu ndimakhala kuseri kwa ndowa za mbatatesi.
Msewu ndiwo malire, uku kwathu, uko Mozambiki,
nkhuku zimawoloka popanda chiphaso.
Buku lili pamiyendo, pansi pa chitenje.
Basi ikaima ndimaika tsamba la anyezi pomwe ndalekeza
n'kuthamanga ndi ndowa pamutu.
Ikakhala ija yokoka ngolo ya katundu, yochokera ku Joni,
mtengo umandithawa pakamwa.
Ndimawerenga nkhope m'mawindo,
kufuna ya chipsera pamwamba pa diso lamanzere.

Anapita ndili Sitandade sikisi.
Anaimba kawiri.
Anatumiza bulangete la kambuku ndi foni yopanda tchaja.
Amayi dzina lawo salitchula,
koma nsapato zawo za kutchalitchi amazipukutabe.

Mtsikana wa m'bukuwe, nthawi zina umandinyansa.
Iwe umadikira utakhala pampando, nyali ili pambali,
misozi yako masamba anayi athunthu.
Mlembi sananene amene ankakugulira mafuta a nyaliyo.
Sananene za fizi.
Kuno timadikira tikupalira,
timadikira tikukangana ndi kondakitala pa chenje.
Komabe pa tsamba lija unanunkhiza chipewa cha bambo ako
n'kupeza kuti fungo latha,
ndinatseka buku.
Unadziwa bwanji, iwe wa kuchisanu,
zimene sindinauze ngakhale Sinoya?

Buku lathu limathera pa tsamba 186,
pakati pa chiganizo:
wina akugogoda, mtsikana wanyamuka, ndipo
basi.
Ena amati alonda anapichirira fodya,
Zione akuti anakulungira zitumbuwa.
Mathero a nkhani yotchuka chonchi
anapita ndi mafuta a zitumbuwa za fifite kwacha.

Tsiku limene a Kamtema anati lero ndikuuzani mmene inathera,
ndinapempha kupita kuseri.
Ndinaima pa thanki yopanda madzi
kuyang'ana nkhungu ikutsika m'mapiri a uko,
mpaka belu.
Pobwerera Sinoya anayamba, iwe, wogogoda uja anali,
ndinamutseka pakamwa ndi dzanja lonunkha choko.

Ndikudziwa, mayeso akubwera.
Fotokozani mmene nkhaniyi ikuthera, malikisi makumi awiri.
Ndidzaluza, kapena ndidzalemba zanga:
kuti anatsegula, napeza mnyamata wobwereka moto,
nam'patsa, nabwerera kukatsuka mbale.

Dzuwa lapendeka, ndowa ziwiri zatsala.
Mayi wa m'minibasi wandidula mtengo mpaka ndavomera.
Pobwerera pamalo ndaona chala changa chadinda dothi lofiira
pa tsamba 186, pafupi ndi liwu lomaliza.
Ndayesa kufufuta ndi malovu, lafalikira.
Mawa ndi tsiku la Zione.
Adzandifunsa za dothilo potuluka m'tchalitchi,
ndidzati ndi la mbatatesi.